Mbuzi imene ndinaopa kubweza

Inu owerenga, ine ndinanamizira munthu wosalakwa, ndipo zonse zinayamba ndi mbuzi.

Ndinali mlonda pakhomo pa mayi wina woweruza milandu kuno ku Phalombe. Nthawi imeneyo ankaweruza mlandu wa munda wa m'tsinde mwa phiri la Michesi. A Estere, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, ankalimbirana mundawo ndi mkulu wina wogula nandolo pa Migowi, woyenda ndi andale. Tonse tinkadziwa kuti mundawo anasiyiridwa ndi amayi awo.

Tsiku lina mkuluyo anandipatsa mbuzi kuti ndikapereke kwa abwana anga. Iwo atangoiona anati, "Bambo, ibwezeni komwe yachokera, lero lomwe."

Koma kwathu kubweza mphatso ndi kutukwana mwiniwake. Ndinachita mantha. Ndinaimangirira kuseli kwa khitchini n'kumaithyolera masamba mobisa, ndikudziuza kuti mawa ndipeza mawu abwino okaibwezera.

Mkuluyo ataona kuti mlandu sukumukomera, iye yemwe anakanena kwa ofufuza za ziphuphu kuti woweruza anamupempha mbuzi. Ofufuzawo anabwera n'kuipeza ikudya. Atandifunsa, ndinaopa ndende. Ndinati abwana ndiwo anandiuza kuti ndiisunge. Abwanawo anali ataima pomwepo. Sanakalipe, anangondiyang'ana.

Anawaimitsa ntchito. Mlandu unapita kwa woweruza wina, amene anali ataona kale zomwe zimagwera munthu wokana mkuluyo, ndipo munda unapita kwa mkuluyo. Lero a Estere amatola nkhuni m'phiri n'kumagulitsa. Tikakumana panjira amandilonjera mwaulemu, osadziwa kanthu.

Sukulu ya kwacha ndinailowa ndili kale ndi imvi. Kumeneko ndiko ndinamva kuti woweruza sayenera kuopa kapena kukondera aliyense, ngakhale wolamula dziko. Anzanga ankalemba, ine ndinaika pensulo pansi, chifukwa woweruza wotere ndinamuona ndi maso anga, ndipo amene anamugwetsa ndine.

Inu amene mumagwira ntchito pakhomo pa oweruza, alonda, ophika, oyendetsa galimoto, dziwani kuti chiphuphu chikakanidwa kumaso chimadzera kwa ife. Musachilandire, ngakhale achitche mphatso. Ofufuza akakufunsani, nenani zoona, ngakhale zikhale zokupwetekani. Ine ndinaopa kukwiyitsa munthu mmodzi, ndipo mpaka lero a Estere akusenzabe nkhuni.