Nyumba ya a Tembo, mtchona

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Gelevazio, ndimamva fungo la udzu wouma ndi luzi lonyika m'madzi, chifukwa iwo anali ofolera nyumba, ndipo chilimwe chonse pakhomo pathu ku Mlolo pankangomveka phokoso la chikwanje ndi kanyimbo ka kutchalitchi kamene ankang'ung'udza osakamaliza.

Chaka china, mitambo itayamba kusonkhana, m'mudzi munafika munthu wowonda, wotsokomola, atanyamula kasutikesi komanga ndi chingwe. Anali a Tembo, mtchona amene anapita ku Halale ine ndisanabadwe. Anapeza amayi awo anamwalira kale, alongo awo anasamukira kutali, ndipo pamene panali nyumba yawo panali patamera nsatsi. Anayamba kugona pansi pa nkhokwe ya eni ake, pamodzi ndi nkhuku.

Anthu sanawamvere chisoni. "Maliro a mayi wake sanabwere, ngakhale bulangete sanatumize," ankatero mayi wina kuchitsime. Agogo aakazi nawonso ankavomereza.

M'mawa wina agogo aamuna anapita kunkhokwe kuja, nakhala pansi pafumbi, ngati akucheza ndi munthu pakhonde pake.

"A Tembo, luzi mumathabe kupota?"

"Manja aiwala, bambo."

"Akumbuka. Tiyeni, ndili ndi nyumba yofuna anthu awiri."

Sanawauze kuti nyumbayo ndi ya yani. Ankapita kuthengo kukadula mitengo, a Tembo akupumira m'njira, mpaka anazika nsichi kuseri kwa khola lathu. Lamulungu, mapemphero atatha, a Tembo palibe, agogo anaimirira chipewa chili m'manja.

"Abale, mtchona uja analakwa, sindikukana. Koma mlandu timakambira munthu ali pouma. Amene ali ndi mtolo wa udzu abwere nawo."

Anthu anangobalalika kupita kwawo. Koma m'mawa mwake tinapeza agogo aakazi akufulula thobwa, akudandaulabe, ndipo dzuwa lisanakwere anthu anayamba kufika, wina ndi udzu, wina ndi nsungwi, wina ndi lichero la mtedza. Ife atsikana tinkatunga madzi, amayi akuponda dothi n'kumamata zipupa, nyimbo zili pakamwa. Mayi uja ankalankhula kwambiri kuchitsime ndiye anabweretsa mphasa, naiponya pakhomo osayang'ana munthu.

A Tembo anazindikira madzulo kuti nyumbayo ndi yawo, agogo atatsika padenga n'kuwauza kuti, "Lowani, muone ngati mwamanga bwino kwanu." Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anagwada n'kuomba m'manja kwa anthu onse.

Mvula yoyamba itagwa anandituma kukawapatsira mbatata. Ndinawapeza atakhala pakati pa nyumba, nkhope ili m'mwamba, misozi ikutsika.

"Mwanawe, tamvera," anatero. "Ikugwa kunja."

Anakhala nafe zaka zochepa, akupota zingwe za mbuzi za mudzi wonse, ndipo atamwalira anthu omwe aja anawalira ngati mbale wawo. M'nyumbamo munadzalowa mayi wamasiye ndi ana ake, kenaka gogo wina wakhungu, ndipo chaka chilichonse anthu ankaifolera popanda wowaitana.

Lero ndine nkhalamba, padenga sindingakwere. Koma mwezi wa Okutobala ukafika ndimayenda ndi ndodo yanga m'mudzi, kuyang'ana madenga a anthu osowa owathandiza, ndipo ndikaona lobooka ndimapita kukavutitsa achinyamata a kutchalitchi kwathu mpaka atenge zikwakwa. Amanditcha gogo wovuta. Dzinalo ndimalikonda.