Che Ishaq ndi Matchipi a Dalaivala

Che Ishaq a ku Mbayani anali mmisiri wosema zidindo. Kwa zaka zoposa makumi awiri ankalawira wapansi kupita m'tauni, n'kukayala katebulo kawo pakhonde la sitolo ina yogulitsa nsalu. Zida zawo zinali lezala, kagalasi ndi zidutswa za mphira. Munthu akatchula dzina la sukulu kapena la kampani, iwo ankalisema motembenuza, chilembo chimodzichimodzi, kenaka n'kuonera pa kagalasi ngati likuwerengeka. Anali munthu wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula. Sukulu analekezera sitandade sikisi, koma mahedimasitala ndi maloya ankaima pamzere kudikira dzanja lawo.

Kenaka kunabwera makompyuta. Chidindo chimene iwo ankasema tsiku lonse, makina ankachitulutsa munthu asanapukute n'thukuta lomwe. Makasitomala akale anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Masiku ena che Ishaq ankabwerera kunyumba lezala isanatuluke m'pepala lake, ndipo pakhomo pankadalira masamusa amene akazi awo, a Mwantumu, ankagulitsa pamsewu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ruqayya, anali atakwatiwa ku Mangochi.

Tsiku lina kunafika bambo wina wa ku Naperi, dzina lake Daniel, atanyamula kachikwama kolemera.

"Madala, ndamva kuti muli ndi dzanja labwino," anatero, uku akukhuthula kachikwamako patebulo.

Munatuluka tinthu tozungulira ngati ndalama zachitsulo, tamitundumitundu, tokhala ndi mizere m'mphepete. Pakati pa kalikonse panamatidwa kapepala kolembedwa dzina ndi nambala.

"Awa ndi matchipi. Osati a mbatata ayi," anatero Daniel akuseka. "Ku kasino anthu akamasewera makhadi amagwiritsa ntchito amenewa m'malo mwa ndalama. Ndinagula ku Joni, kasino yake inatsekedwa. Ndikufuna muchotse timapepalati, mumatepo ta dzina langa, kuti ndizisewera ndi anzanga kunyumba. Mungathe?"

Che Ishaq anatenga limodzi, n'kuliyeza m'manja. Anati ayesa.

Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo. A Mwantumu anatola tchipi limodzi, n'kulitembenuza, n'kulibweza msanga ngati lawawotcha.

"Bambo a Ruqayya, izi si za juga izi?"

"Ndi za juga. Koma ine sinditchova. Ndizingomata mapepala."

"Wosula mpeni nayenso amatero."

Kenaka a Mwantumu anausa moyo. "Chabwino. Koma m'nyumba muno zisalowe. Muzigwirira pakhonde pomwepo."

Ntchitoyo che Ishaq anaiphunzira okha, ataononga matchipi anayi. Ankalowetsa nsonga ya lezala pansi pa kapepala kakale n'kukakweza pang'onopang'ono kuti tchipilo lisakalike. Guluu wotsalira ankamupukuta ndi sipiriti. Timapepala tatsopano ankakasindikizitsa ku shopu ya kompyuta yomwe ija inawalanda ntchito, n'kudzatidula ndi kapaipi kamene wowotcherera zitsulo wina wa ku Chirimba anawanolera. Kumata ndiye kunali luso lenileni: kapepala kakapendekeka pang'ono pokha, diso limaona. Iwo ankamata kamodzi, kosabwereza, n'kutsindika ndi chala chachikulu.

Daniel anasangalala, nauza anzake. Posakhalitsa magalimoto anayamba kuima m'munsi mwa nyumba yawo, eni ake n'kukwera wapansi kanjira kamiyala. Wina ankafuna dzina la banja lake, wina mitundu ya timu yake ya mpira, wina nkhope ya galu wake amene. Katebulo kaja anakachotsa m'tauni n'kukaika pakhonde la kunyumba. Denga limene linkadontha zaka zisanu linaona malata atsopano. Ku mzikiti palibe amene anawanena pamaso, koma anthu ankadziwa, ndipo che Ishaq anayamba okha kuima mzere wakumbuyo Lachisanu.

M'chaka chachitatu cha ntchitoyi, mwezi wa Juni, kunabwera mayi wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi, dzina lake Thandie. Anabweretsa chitini cha mabisiketi chochita dzimbiri. Anati amuna ake akukwanitsa zaka makumi asanu, amakonda kusewera makhadi ndi anzawo, ndiye akufuna kuwapatsa mphatso yolembedwa dzina lawo.

Che Ishaq atatsegula chitinicho anaona kuti matchipi ake sanali ofanana. Analipo makumi anayi ndi atatu, lililonse ndi mtundu wake. Lina linali ndi chithunzi cha sitima ya pamadzi, lina nsomba, lina mkango, lina mtengo wa kanjedza. Pansi pake panali mayina a matauni: Beira, Ndola, Harare, Durban.

"Awa si seti imodzi, mayi. Ndi a ndani?"

"Ndi a bambo anga, a Ellard. Anali dalaivala wa mathiraki zaka makumi atatu. Juga sankatchova, koma akafika tauni yachilendo ankalowa m'kasino, kugula tchipi limodzi lotsika mtengo, n'kutuluka nalo."

"Nanga eni ake avomera?"

Thandie anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mphamvu. "Chiwagwirireni sitiroko chaka chatha, ngakhale dzina langa salidziwa. Salankhula. Amangoseweretsa pamphasa ngati mwana, ndipo atatu anasowa kale posesa. Bola agwire ntchito asanathe onse."

"Dziwani kuti pepala lakale likachoka silibwereranso."

"Ndikudziwa, madala."

Mtima wa che Ishaq sunakhazikike. Chitinicho chinakhala masiku awiri pakhonde osachikhudza. Koma mwini katundu anali atanena, ndipo tsiku la mphatso linkayandikira. Tsiku lachitatu anatenga lezala. Timapepalato tinali takale kwambiri, touma, ndipo sitinkachoka tathunthu. Tinkanyenyeka ngati mamba a nsomba. A Mwantumu anasesa zinyenyeswazo pamodzi ndi zinyalala zina n'kukazitentha kudzala. Matchipi anatuluka okongola, onse ofanana pakati, dzina la mwamuna wa Thandie likuwala ndi zilembo zagolide.

Patangotha masiku asanu, Thandie anabweranso. Ulendo uno anali atagwira mkono wa nkhalamba yaitali, yowonda, yovala jekete, imene inkakoka mwendo umodzi. Kukwera kanjira kamiyala kuja kunawatengera nthawi. Che Ishaq anathamangira kukatenga mpando.

"Awa ndi bambo anga," anatero Thandie. Maso ake anali otupa. "Chichokereni chitinichi sakudya. Amangofufuza pansi pa bedi, m'kabati, paliponse. Dzulo mayi amene amawasamala ine ndikapita kuntchito ndi amene wandiuza. Akuti masana aliwonse amawandandalika pamphasa, n'kumatola limodzilimodzi, n'kumatchula. Beira. Ndola. Mawu okhawo ndi amene anawatsalira, madala. Ine ndimafika madzulo atatopa kale. Sindinawamvepo."

Anatsegula chitinicho n'kuchiika pamiyendo pa bambo ake. A Ellard anatola tchipi limodzi ndi dzanja lawo lamphamvu, n'kuliyang'ana, n'kulitembenuza. Anatola lina, n'kutembenuzanso. Kenaka anakweza maso n'kuyang'ana mwana wawo, ngati munthu amene watsitsidwa pasiteji yosaidziwa.

"Abwezeretseni mmene analili," anatero Thandie. "Chonde."

"Mapepala aja tinatentha, mayi."

A Mwantumu, amene anaima pakhomo ndi beseni la ufa wa tirigu, analiika pansi n'kugwira pakamwa.

Che Ishaq sanalonjeze kanthu, koma anapempha kuti chitinicho chitsale. Anaimika ntchito zina zonse. Anagula pepala loyera lolimba, penti wamitundu isanu ndi kaburashi kaching'ono, n'kuyamba kujambula ndi manja zimene ankakumbukira. Vuto linali loti popala paja maso awo anali pa nsonga ya lezala, osati pa zithunzi. Sitima ija ankaikumbukira, koma kodi inkaloza kumanja kapena kumanzere? Mkango uja unali pa tchipi lofiira kapena lobiriwira? Ankajambula, kung'amba, kuyambanso. Anamuimbira foni Thandie kufunsa ngati pali chithunzi chilichonse cha matchipiwo, koma panalibe amene anaganizapo zowajambula.

Sabata yachiwiri kunagwa chiperoni. Mphepo inkaulutsa timapepala, penti osauma, ndipo zala za che Ishaq zinkanjenjemera ndi kuzizira. A Mwantumu anatuluka, n'kunyamula katebulo kaja, n'kukakaika m'nyumba pafupi ndi windo.

"Amake Ruqayya, paja munati..."

"Ndinasesa ndine," anayankha. "Gwirani ntchito."

Patatha masabata atatu anali atamaliza asanu ndi anayi okha. Enawo mutu unakana. Anavala mkanjo wawo wa Lachisanu, kukwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Chilomoni. Anafika masana dala, nthawi imene a Ellard ankakonda kuyala matchipi awo. Thandie anali atapempha kuweruka msanga kusukulu.

Anapeza a Ellard atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, akuwothera dzuwa. Che Ishaq anagwada, kupereka moni, n'kuyala matchipi asanu ndi anayi aja pamzere. A Ellard anawayang'ana nthawi yaitali. Anatola la sitima, n'kulibweretsa pafupi ndi maso, n'kulisisita ndi chala. Milomo yawo inagwedera. Thandie anagwira mkono wa mayi wowasamala uja. Onse anadikira.

Mawu sanatuluke. A Ellard analiika pansi, n'kutola la nsomba. Anachita chimodzimodzi ndi onse asanu ndi anayi, mosafulumira, osadumpha ngakhale limodzi. Atamaliza anawasonkhanitsa pamodzi n'kuwakankhira kwa che Ishaq pang'onopang'ono, monga mmene munthu amabwezera katundu wa mnzake amene wasochera kwa iye. Kenaka anasisita che Ishaq pabondo kawiri, n'kutembenukira kudzuwa.

Che Ishaq anakana tiyi. Pobwerera sanakwere minibasi. Anayenda wapansi mpaka ku Mbayani, ndipo atafika a Mwantumu sanafunse kanthu. Anangowayang'ana kumaso n'kupita kukawatenthetsera madzi.

A Ellard anamwalira mwezi wa Okutobala. Che Ishaq anamva kwa Daniel, amene ankadziwana ndi mwamuna wa Thandie, ndipo anapita kumaliro. Anakhala kumapeto kwa benchi pansi pa tenti, kofia ili kumutu, pakati pa anthu a mpingo amene sankawadziwa. Madalaivala akale anayi anaimirira kunena za mnzawo: kuti sankamwa mowa, kuti ankadziwa msewu uliwonse kuchokera kunyanja ya mchere mpaka ku migodi, kuti galimoto ya munthu ikafa panjira sankaidutsa. Pobwera kumanda Thandie anaona che Ishaq, n'kubwera kudzawagwira dzanja.

"Musamadziimbe mlandu, madala. Munandifunsa. Wolakwa ndine."

"Lezala inali yanga, mayi," anayankha.

Kuyambira pamenepo sanapalenso tchipi lakale. Daniel anabwera ndi mnzake amene anali ndi matchipi mazana asanu a kasino ina yotsekedwa, ntchito ya mwezi wathunthu. Che Ishaq anati ngati ali atsopano, opanda kanthu pakati, amata. Koma kuchotsa dzina limene lilipo kale, ayi.

"Madala, awa alibe mwini. Ndagula ndi ndalama zanga," anatero munthuyo.

"Mwina. Koma pitani nawo kwa ena."

Anthu obwera ndi matchipi atsopano anali ochepa, chifukwa okonda zinthuzi amafuna akale, olemera m'manja. Magalimoto anayamba kuchepa m'munsi muja mpaka anasiyiratu. Chaka chotsatira diso lamanzere la che Ishaq linachita ng'ala, lamanja n'kuyambanso kuona chifunga. Kuchipatala anawalemba dzina n'kuwauza kuti adikire kuitanidwa.

Masiku ano m'mawa amakhala pakhonde kuthandiza akazi awo kupinda masamusa, ntchito imene zala zimagwira popanda maso. A Mwantumu amadandaula kuti amachedwa chifukwa amafuna ngodya zonse zitatu zifanane, pamene ogula amangoluma osayang'ana. Ruqayya amaimba foni Lamlungu lililonse kuwauza kuti asamukire ku Mangochi, kuli chipinda chongokhala. A Mwantumu akufuna. Che Ishaq amati ayambe aona za diso, ndipo chipatala sichinaimbebe.