Hotipuleti imene ndinabisa kuseri kwa sofa

Ndinadzuka kusanache, ngati n'kudzuka kumene, popeza tulo sitinabwere. Amayi amene anachezera pa siwa anali atagona pansi pabalaza, ena atatsamira firiji kukhitchini. Fulati yanga ya ku Govan, kuno ku Scotland, ndi yaing'ono, ndipo nyimbo tinaimba motsitsa mawu poopa aneba apansi. Achimwene anga, bambo ake a Tadala, anali pampando pafupi ndi windo atavala kale jekete. Anali atafika dzana lake kuchokera ku Balaka kudzaika m'manda mwana amene anamutumiza kudzaphunzira.

Tadala anafa ndi utsi m'chipinda chake ku hositelo ya yunivesite. Achimwene ankangodziwa kuti moto unayamba ndi magetsi. Zotsalazo ndinkazidziwa ndine, ndipo ndinali ndisanauze munthu kuyambira tsiku limene ozimitsa moto anandiitana.

Chaka cha sukulu chikayamba, a hositelo amayenda chipinda ndi chipinda ndi kamakina koyezera zipangizo zamagetsi. Ketulo, ayironi, chaja, chilichonse chokhala ndi pulagi. Chikakhala bwino amachimata kasitika kobiriwira, chikalephera amachitenga n'kudzakubwezera pochoka. Ife Amalawi timaziona ngati zachibwana, chifukwa pulagi ya kwathu ndi ya mano atatu ngati ya kuno, imalowa pakhoma popanda kulimbana nayo. Ndiye sabata yoyeza ikayandikira, ana asukulu amanyamula katundu wawo n'kudzasungitsa kwa ife azakhali. Hotipuleti ya Tadala, yofiira, imene anabwera nayo m'sutikesi kuchokera kumudzi, inagona kuseri kwa sofa yanga masiku atatu. Ndinamubwezera ndekha m'jumbo, ndikuseka kuti azungu tawapusitsa. Kuzizira kutayamba ankaiyatsa kuti atenthetse chipinda. Ozimitsa moto anandiuza kuti chingwe chake chinali chitadyeka, ndipo m'pulagi munalibe fyuzi yodula magetsi zikavuta. Munali kawaya komangidwa m'malo mwake.

Cha m'ma seveni tinapita ku holo ya tchalitchi ku Shawlands kukaphika. Kunja kunali kudakali mdima, kamvula kakuwaza ka kuno komwe sikaleka. Kwathu bwenzi moto uli lawilawi pabwalo lonse, koma kuno aliyense anabwera ndi chophikira chake chamagetsi, wina cha mpunga, wina cha nyemba. Bambo wachikulire wa ku Scotland amene amayang'anira holoyo anaima pakhomo n'kunena mwaulemu kuti zokhazo zokhala ndi sitika ndi zimene zilowe pakhoma. Amayi anayamba kung'ung'udza kuti ngakhale pamaliro malamulo osatha. Bamboyo atangotembenuka, mayi wina wa kwaya anatulutsa ekisitenshoni yomata ndi tepi, n'kuikankhira pansi pa tebulo, n'kuphimba ndi chitenje.

Mtima unandiphulika. Ndinagwada ndekha n'kuizula.

"Mayi, mukudziwa amene tikukamuika lero?" ndinawafunsa.

"Pepani azakhali, timati mpunga upse msanga," anatero.

Ndinawauza kuti anthu akafuna adye mpunga wosapsa. Anandiyang'ana ngati chisoni chandisokoneza mutu, ndipo ndinawasiya aganize choncho.

Pofika teni koloko tchalitchi chinali chitadzaza. Anabwera Amalawi a dera la Gorbals, a mipingo ina, ndi ena amene anayenda usiku wonse pa basi kuchokera kumwera. Ana obadwira kuno ankafunsidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi chawo chothamanga chija. Anzake a Tadala anakhala mzere umodzi, maso pansi. Kumbuyo kwenikweni kunakhala mayi wa ku hositelo amene amamata masitika aja, atanyamula maluwa. Benchi yonse anthu anamusiyira yekha, ndipo palibe anamupatsa ngakhale pepala la nyimbo.

Manong'onong'o ndinawamva onse. Ena ankati nyumba za yunivesite mawaya ake ndi akalekale. Ena ankati mwana wanzeru chonchi sangangofa, kumudzi alipo amene wachita. Kenako bambo wina wa komiti ya Amalawi anaimirira kuti apepese banja, koma anatha nthawi yake yonse kulalikira zoti sukulu iyankhe, zoti ana athu sakuwasamala, zoti tipeza maloya. Anthu anavomera ameni mwamphamvu. Ndinawawerenga m'maso amene ankavomerawo. Ambiri ndimadziwa zimene zimagona kuseri kwa masofa awo sabata yoyeza ikafika. Ndinakwiya kwambiri, koma sindinaimirire. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Tinanyamuka kupita kumanda galimoto zitandondozana, mvula itakula. Kuno kulibe adzukulu. Dzenje tinalipeza lokumbakumba, dothi ataliphimba ndi nsalu yobiriwira kuti lisaoneke. Mwambo wa kuno ndi woti achibale amagwira zingwe potsitsa bokosi, aliyense amaitanidwa ndi nambala yake. Achimwene anagwira cha kumutu, ine anandipatsa cha kumiyendo, chinthu chimene kwathu mayi sangachite. Nyimbo inayamba koma mphepo inkaimwaza. Titamaliza, abusa anapempha achimwene kuti alankhule. Anathokoza anthu mwachidule, kenako ananena kuti sakwera ndege asanadziwe amene wawaphera mwana. Ponena zimenezi maso awo anali pa mayi wa ku hositelo uja. Mayiyo sankamva Chichewa, koma anamva. Anaika maluwa ake pambali n'kuchoka yekha m'mvula.

Ku holo sindinadye. Anthu anadya, anajambulana, anatsanzikana. Pofika folo koloko kunja kunali kutada kale, ndipo ine ndi achimwene tinabwerera ku Govan tili awiri.

Nyumba inali zii. Mabulangeti a amayi aja anali atapindidwa pakona, makapu ali mbwee m'sinki. Ndinawaikira tiyi, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo monga tinkachitira kwa bambo athu. Ndinali nditaganiza kale kuti ndinena mbali yanga yokha, za kawaya ndisiya.

"Achimwene, mayi uja alibe mlandu. Akanaiona hotipuleti ija akanailanda. Ndinaibisa ndine, muno."

Ndinawafotokozera za masitika, za masiku atatu aja, za jumbo, ngakhale za kuseka kwanga. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atero. Iwo anangoika kapu pansi.

"Yofiira ija?"

"Yomweyo."

Achimwene ndi munthu amene wakhala akukonzera anthu mawailesi ndi maayironi pa Balaka kuyambira ndili mtsikana.

"Fyuzi yake inkapsapsa," anatero. "Ndinamanga waya ndine, achemwali. Ndimati asakavutike kuchilendo."

Sitinalire. Misozi inali itathera kumanda. Patapita kanthawi anandifunsa ngati mawa ndingawaperekeze kwa mayi uja, ndipo ndinavomera. Kenako anafunsa ngati kuseri kwa sofa kudakali kanthu. Ndinaikoka. Kunali ketulo ndi ayironi za ana ena awiri, amene anachedwa kudzatenga, ndipo chichitikire ngoziyo ankaopa kubwera.

Achimwene anapempha mpeni. Anatsegula mapulagi onse awiri mosamala, monga amachitira pa benchi yawo. Ya ayironi inali ndi fyuzi. Ya ketulo anaitembenuzira kwa ine kuti ndione ndekha kawaya kali m'katimo, kenako anadula chingwe.