Nambala Imene Ndinafufuta

Ntchito yanga ndi ya makompyuta pa koleji ina kuno ku Domasi, ndipo a mphakati wathu wa kutchalitchi atangodziwa zimenezi, mpumulo wanga unathera pomwepo. Timakumana Lamlungu masana kunyumba ya banja limodzi, mosinthanasinthana, koma anthu ankaiwala kuti sabata ino tili kwa yani. Ena ankapezeka akugogoda kumtunda kwa Malemia anzawo atayamba kale kuimba kumunsi. Choncho ndinalemba kapulogalamu kotumiza uthenga pafoni, wochokera pa nambala yanga, Lachisanu lililonse, konena nyumba yokumanako. Posakhalitsa anthu anasiya n'kufunsana komwe. Chimene foni yanena, ndi chomwecho.

Mabanja onse ndinawasunga mu chimene pantchito timachitcha hashi mapu. Chilichonse chosungidwamo chimakhala ndi kiyi wake, ndipo ukapereka kiyiyo chimatuluka pompo, osayamba wayendera mndandanda wonse. Kiyi wa banja lililonse ndinasankha nambala ya foni, chifukwa mayina kuno amafanana mochita kutopetsa. Pansi pa nambalapo ndinkalembapo dzina la banja, pamene pali nyumba, ndi malo awo pamzere wolandira anthu. Kwathu ndinaika nambala ya mkazi wanga. Iyeyo ndiye ankayankha mafoni. Yanga inkangokhala m'thumba, ndipo ankandiseka kuti katswiri wa makina bwanji wosamva makina akalira.

Mkazi wanga anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala masabata atatu okha. Foni yake ndinaizimitsa n'kuiika m'dirowa pamodzi ndi korona wake, koma nambala sindinaichotse. M'kaundula wa kutchalitchi safufuta dzina la womwalira, amangolemba kamtanda pambali pake. Hashi mapu ilibe kamtanda. Chinthu chilimo kapena mulibe, basi. Lachisanu lililonse ndinkatsegula lipoti la otumizidwa uthenga kuti ndione nambala yake ili pakati pa amoyo, ndipo mtima unkakhalako pansi. Ndikudziwa kuti kunali kupusa. Sindinauzeko munthu.

Patapita miyezi, tsiku lina masana ndikudya chinangwa mu ofesi, foni yanga inalira. Pagalasi panalembedwa kuti Mayi Akunyumba, dzina limene ndinasungira nambala ya mkazi wanga. Chinangwa chija chinagwera pansi. Nditayankha ndinamva mawu a mwamuna, kumbuyo kwake oitanira maminibasi akukuwa za ku Liwonde.

"Halo, bambo, ndinu amene mumatumiza za mphakatizi?"

"Eya, ndine."

"Pepanitu, layiniyi ndangoigula mwezi watha pa Songani pano. Inetu ndine Msilamu, za mphakatizi sindikuzidziwa. Mundichotseko, chonde."

"Pepani, achimwene. Ndichotsa lero lomwe."

Munthuyo analankhula mwaulemu ndipo sanalakwe chilichonse. Layini ikakhalitsa osagwira ntchito amaigulitsa kwa wina. Koma ndinamukwiyira koopsa, ngati ndamupeza atakhala pampando wa mkazi wanga patebulo.

Kuchotsa chinthu mu hashi mapu kumangofuna kulemba lamulo la mzere umodzi. Lamulolo silifuna dzina, silifuna kudziwa kuti munthuyo anali ndani kwa iwe, limangofuna kiyi. Nambalayo ndinkaidziwa pamtima, ndinailemba zala zikuyenda zokha. Lamulolo silifunsanso kuti kodi watsimikiza. Limangokubwezera zimene zinali pansi pa kiyiyo, kamodzi kokha, kuti uzione zikupita. Zilembo zinatulukadi pagalasi, koma ine sindinafune kuziwerenga, ndinatseka laputopu n'kutuluka panja. Kuyambira tsiku limenelo lipoti la Lachisanu sindinalitsegulenso, chifukwa munalibe choti ndikaonemo.

Mabanja ndi ambiri, moti mzere umatenga miyezi kuti uzungulire. Koma ndinkadziwa kuti tikachoka kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, nyumba yotsatira ndi yathu. Kanali koyamba chichitikire maliro, ndipo ndinkaliyembekezera tsikulo kuposa mmene ndikanavomerera. M'nyumba munali mutakhala zii nthawi yaitali. Lamlungu limenelo nditachoka ku Misa ndinasesa pabwalo, ndinatulutsa mipando yonse, ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinaphika mbatata ndi tiyi wambirimbiri muketulo yathu yaikulu, monga ankachitira mkazi wanga, ngakhale shuga ndinachulutsa.

Ndinadikira. Mthunzi wa mtengo unachoka pamphasa n'kufika pakhoma. Kenaka ndinamva nyimbo kutsidya kwa mtsinje, mawu oti ndikanatha kuwatchula mmodzimmodzi eni ake. Ndinayamba ndapsa mtima, kuti anthuwa angandidumphe bwanji chonchi, ine amene ndimawakumbutsa sabata ndi sabata. Ndinalowa m'nyumba, kutsegula laputopu, kulemba nambala ija. Yankho linabwera lalifupi: kiyi ameneyu mulibe.

Apo ndi pamene ndinazindikira. Pansi pa nambala ya mkazi wanga sipanali iye yekha. Panali banja lonse, nyumba yathu, ndi malo athu pamzere. Pulogalamu inangopita kwa otsatira, monga ndinailembera. Ndipo ine sindinalandire uthenga wa Lachisanu chifukwa nambala yanga sinalowemo chiyambire. Zaka zonsezi amene ankandiuza kuti Lamlungu tili kwakuti anali iyeyo.

Mawa lake ndinakumana ndi mayi wina wa mphakati pamsewu, ndipo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Titaona uthenga tinati abambo sanakonzeke kulandira anthu, tisawavutitse. Mukakonzeka mutiuze, tibwera."

Ndinawathokoza. Sindinathe kuwauza za mbatata zija.

Nditafika ku ofesi ndinatsegula pulogalamu kuti ndibwezeretse nyumba yathu. Inandifunsa kiyi. Ndinaika zala pamabatani, ndipo zinangoima. Nambala yanga sindinkaidziwa. Ndinachita kutulutsa foni m'thumba kuti ndiifufuze.