Kapu ya chingwe chofiira

Ndinadzidzimuka tambala woyamba asanalire, nditatsamira khoma la nyumba ya amayi ku Chipangali. Azimayi a mphakati anali atatopa ndi kuimba usiku wonse, ena ali lambalamba pamphasa, ndipo pakati pathu panali bokosi la alongo anga, a Yohane. Choyamba chimene ndinachita ndi kudzigwira pakamwa kuti ndione ngati panali thovu. Panalibe.

A Yohane ankadwala khunyu kuyambira ali mwana. Anagwera m'chitsime cha kudimba akutunga madzi othirira repu, chitsime choti madzi ake amalekeza m'mawondo. Mudzi wonse unkadziwa matenda awo. Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti nanenso ndimagwa. Zinandiyamba nditapita kale kutauni, ndipo ankadziwa ndi amayi ndi amuna anga basi. Mapiritsi a kuchipatala amandisunga bwino, bola ndisadumphe tsiku ndiponso ndizigona mokwanira. Koma foni ya maliro itabwera ndinachoka ku Kapata mothamanga, n'kuwaiwala m'chitini cha mabatani momwe ndimawabisa. Linali tsiku lachitatu ndisanamwe, ndipo pamaliro sagona.

Kutacha, azimayi anakoleza moto kuseri kwa nkhokwe n'kutereka nyemba. Anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pangolo, a kutali palole. Ndinkawaona akulowa m'nyumba akulira mokweza, anthu omwewo amene a Yohane ali moyo sankawapatsa dzanja. Adzukulu posambitsa mtembo anavala mapepala a shuga m'manja. Ngakhale atafa, alongo anga ankaopedwabe.

Iwo anali ndi mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo yachitsulo, yomangidwa chingwe chofiira pachogwirira kuti wina asalakwitse. Sukulu anawachotsa ali mu giredi 3 makolo ena atadandaula. Mkazi sanapeze. Dzina lawo linatha, anangokhala "uja wakugwa". Akagwa, anthu ankathawa atagwira mphuno, poti amati mpweya ndi thovu la wakhunyu zimapatsira. Ndisanamize anthu, nanenso ndili mwana ndinkathawa, ndipo ndinkathamanga kuposa onse. A dokotala anandiuza pambuyo pake kuti matendawa sapatsirana, koma a dokotala sakhala m'mudzi mwathu.

Dzuwa litakwera pang'ono anafika amuna anga pamodzi ndi amayi awo, mphunzitsi wopuma, munthu wa kwaya ndi waukhondo. Ndinawaona pakhomo amuna anga akugwira thumba la jekete n'kundiyang'ana. Mapiritsi anali atabwera. Koma pamaliro abambo amakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo mkamwini salowa m'nyumba mmene mwakhala apongozi ake ndi azimayi okhaokha. Ine, mlongo wa malemu, sindikanadzuka kupita pakati pa abambo. Ndinayesa kupempha zopita kuchimbudzi, azimayi awiri n'kundiperekeza, paja wofedwa samusiya yekha. Kutuma munthu ndinaopa, chifukwa kwathu ukapatsa munthu kapepala kokulunga amayamba wafunsa kuti muli chiyani. Mankhwala anga anali pafupi poti n'kuponya mwala, koma zinali ngati ndawasiya ku Kapata komweko.

Apongozi anga anadzakhala pafupi nane n'kundigwira dzanja. Ndi iwo amene ukwati usanachitike anafunsa ngati matendawa ndi akumtundu, ankhoswe n'kuyankha kuti a Yohane anachita kulodzedwa okha.

"Pepani mayi," anandinong'oneza. "Apumula, ndipo nanunso mwapumula. Zatha ndi iwowa."

Ndinavomera ndi mutu. Mantha anandigwira.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Patsogolo mtanda, kenako kwaya, kenako bokosi pamapewa a anyamata. Fumbi linali koboo, nyenje zikulira m'mitengo. Ine ndinkangopemphera pemphero limodzi: Ambuye, ngati ndi lero, zindipeze ndili ndekha. Titadutsa munda wa thonje ndinamva fungo la mphira wopsa. Palibe ankatentha mphira. Fungo limenelo ndi limene limandichenjeza nthawi zonse.

Kumanda a katekisiti anatsogolera mapemphero. Woyankhula m'malo mwa banja anathokoza anthu chifukwa chobwera ambiri, nati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu anavomereza mwaulemu. Atakwirira, adzukulu anaboola mbale ndi kapu ija ndi msomali n'kuziika pamtumbira. Ndinamva wina kumbuyo akupumira m'mwamba ngati watula katundu. Kenako anaitana dzina langa kuti ndikaike nkhata. Ndinayenda, ndinagwada, ndinaona chingwe chofiira chija pafupi ndi nkhope yanga. Zina sindikuzidziwa.

Nditatsegula maso ndinali chogona pamasamba ouma, lilime likuwawa, chitenje chitanyowa. Mkazi akakomoka ndi chisoni pamanda anzake amamuunjikira, wina kumukupiza, wina kumuthira madzi. Ine ndinali pakati pa bwalo lalikulu lopanda munthu. Bwalo limenelo ndinalidziwa, poti ndinkaima m'mphepete mwake ndili mwana. Azimayi anali atatseka mphuno ndi nsonga za zitenje. Mutu wanga unali pamiyendo ya amayi. Amuna anga anali atagwada pambali, piritsi lili m'manja. Patali ndinaona apongozi akupukuta dzanja lawo pachitenje, kupukuta, kupukutanso. Linali dzanja lija anandigwira nalo m'mawa wonse.

Madzulo pakhomo panali zii. Ambiri anabalalika osadya, nyemba zinatsala m'mapoto. Apongozi ananyamuka osatsanzika, amuna anga n'kuwaperekeza kumsewu kuti akakwere galimoto. Amuna angawo anati abweranso. M'nyumba munatsala amayi, azakhali ndi abale ochepa odikira kumeta mawa lake, ndipo onsewo anakhala mbali imodzi, ine mbali ina.

Ndinapempha madzi. Azakhali anayang'ana makapu amene anali pamtsuko, osadzuka. Amayi ndiwo anadzuka. Anatenga kapu imodzi, anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chawo, n'kumanga pachogwirira. Zala zawo sizinachedwe, mfundoyo ankaidziwa.

"Amayi, inunso?" ndinafunsa.

"Ndikapanda kumanga, mwanangu, palibe adzamwe madzi m'nyumba muno."

Anatunga madzi, anayamba kumwa iwo, onse akuona, kenako anandipatsa. Kansaluko sanamasule. Ndinalandira ndi manja awiri n'kumwa pang'onopang'ono, khutu lili kumsewu.