Jekete Yonunkha Adyo

Ndinadzidzimuka kusanache, nditatsamira khoma, miyendo itachita dzanzi. Sindikudziwa kuti tulo tinandiba nthawi yanji. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, ena akuwodzera chokhala, awiri okha akung'ung'udza nyimbo pafupi ndi bokosi. Kunja amuna ankatsokomola mozungulira moto. Chimene chinandidzutsa sichinali kuzizira kwa mwezi wa Ogasiti ayi. Linali fungo, ngati la adyo wosinja amene wathiridwa parafini. Nditagwira pamiyendo panga, mwana panalibe.

M'bokosimo munali mwamuna wanga. Mwana wathu Tiyamike, amene timangomuti Tiya, anali atangoyamba kukwawa, mano akutuluka, chilichonse chimene wagwira n'kupita nacho kukamwa. Ndinamuona pakona, ali m'manja mwa alamu anga, mlongo wake wa malemu. Anali atamufunditsa jekete yakuda ya bambo ake, kolala ili pafupi ndi kamwa.

Ndifotokoze za jeketeyo, mwina mumvetsa chifukwa chimene mtima wanga unaima. Inali nyengo yokonza nazale ya fodya. Mwamuna wanga anapita pa njinga ku Nsaru kukagula mankhwala othira m'nthaka, aja opha chiswe, nyerere ndi mbozi zodula mbande. Alimi amawakonda chifukwa sachoka msanga m'dothi. Wogulitsa anamupungulira m'kabotolo ka chakumwa kopanda pepala lililonse, iye n'kukaika m'thumba la mkati mwa jekete. Chitsekero chinali chong'aluka. Pofika kudimba, pachifuwa ponse panali patanyowa. Anangoseka, akuti ziuma zokha, n'kugwira ntchito tsiku lonse jekete ili pathupi, chifukwa kunali mphepo. Madzulo anabwera mutu ukumuwawa. Kenako thukuta, dovu, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu ya m'manja ikudumpha yokha. Kamwana ka m'diso kanachepa ngati nsonga ya singano. Tinamuvula jekete ija, tinamukweza njinga yamoto mpaka kuchipatala, koma chifuwa chinali chitadzaza kale madzi. Kutacha anatisiya.

Ine ndili ndi satifiketi ya zaumoyo wa m'midzi, imene sinandipezerepo ntchito. Koma chimodzi ndinachigwira: mankhwala a mtundu uwu safuna kuti uchite kumwa. Amalowera pakhungu, amalowera pompuma, ndipo pansalu amakhalitsa. Mwana wamng'ono amamugwetsa ndi pang'ono chabe.

Pachipata cha chipatala, thupi lisanakwezedwe galimoto, amalume ake a malemu anandiitanira pambali.

"Amake Tiya, mawu oti mankhwala asatuluke pakamwa panu. Mwamva? Tikanena kuti anadwala mwadzidzidzi. Basi."

Kwathu kuno mawu amenewa ali ndi makomo ambiri. Ukati munthu wafa ndi mankhwala, wina amva kuti walodzedwa, ndipo mtengwa wochokera mudzi wina ngati ine ndiye woyamba kulozedwa chala. Wina amva kuti wamwa yekha. Wodzipha mpingo sumuimbira, abusa safika, amayi a mpingo savala zoyera. Ndani akanaima pamaliro kufotokozera khamu kuti munthu angafe ndi chimene sanamwe? Apongozi anga, mayi ake a malemu, akalambira mu mpingo, aimbira maliro a ana a anzawo osawerengeka. Ndinavomera. Za jekete sindinaganize n'komwe, ndinkayesa ili kuseri kumene tinaiponya.

Tsono m'bandakuchawo ndinakwawa kudutsa miyendo ya anthu, ndinamusolola mwana m'jeketemo mwamphamvu mpaka analira.

"Iii alamu, bwanji kodi?" anatero alamu anga. "Kukuzizira. Komanso azimva fungo la bambo ake, asamawasowe."

Ndinatola jumbo imene munabwera shuga, ndinakankhiramo jekete ndi chigongono, n'kumanga pakamwa. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona, koma mofuna kuti ndimve.

"Asukuluwa. Thupi likadali m'nyumba, chovala chayamba kale kuwanyansa."

Ndinapempha madzi ndi sopo, ndinati mwana wadziipitsira. Ndinamupukuta kumaso, m'khosi, m'manja, ndinamusintha zonse. Namfedwa satuluka m'siwa, m'nyumba mogona maliro, mpaka thupi lituluke. Pamphasa pamene akukhazika ndi pomwepo. Sindikanatha kupita kukataya jeketeyo, sindikanatha kutuma munthu popanda kunena chifukwa. Mayi anga anamwalira kale, ndipo a kwathu ku Nambuma amene anafika anali amuna okhaokha, ali kunja. Ndinaika jumbo ija kumbuyo kwanga, pakati pa msana ndi khoma.

Kunja kutayera, ndinamva nkhwangwa zikuwaza nkhuni, ndowa zikugundana panjira ya kumjigo. Utsi wa pamafuwa unkalowa pazenera limodzi ndi fungo la nyemba. Adzukulu, anyamata okumba manda, anatumiza uthenga woti nthaka yauma ngati mwala, wophika asaumire mchere. Ena kukhitchini anaseka. Mphepo inayamba kuwomba, ikunyamula fumbi ndi makoko a chimanga. Anthu anayamba kufika, ena pansi, ena pa njinga, ena pa ngolo kuchokera mbali ya ku Kabudula. Gulu lililonse la amayi likalowa, kulira kunkayambiranso. Ankagwada, n'kundigwira dzanja, ine n'kuweramitsa mutu. Kunena zoona, nkhope zawo sindinazione. Maso anga anali pa Tiya.

Dovu linkatsika pachibwano chake. Kodi ndi mano, kapena ndi zija? Atayetsemula ndinamva ngati ndalasidwa. Ndinkamutembenuzira kuzenera kuti ndione kamwana ka m'diso, koma m'nyumba munali mdima wa anthu. Ndinkaika khutu pamsana pake kumvetsera ngati m'chifuwa muli phokoso la madzi. Ndivomere pano: m'mawa wonse uja mwamuna wanga sindinamulire. Anthu ankaona misozi, koma inali ya mantha.

Dzuwa litakwera anandidzutsa kuti ndisunthe pang'ono, akulu a mpingo alowe kudzapemphera. Nditabwerera pamalo panga, jumbo inalipo, yopanda kanthu.

Jekete inali m'manja mwa apongozi anga. Anali ataipinda, ataikumbatira pachifuwa m'kati mwa chitenje, nkhope ataikwirira m'menemo, akugwedezeka uku ndi uku. Akulu a mpingo anapemphera, anatuluka. Apongozi sanaisiye. Mchemwali wawo atafuna kuwalandira jeketeyo, anakana ndi phewa. Alamu anga anati jeketeyo adzavala mng'ono wake wa malemu, poti ikadali yabwino, ndipo amayi angapo anavomereza.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi anthu awiri owayang'anira. Vuto lake, zizindikiro za mankhwala amenewa ndi zomwezo za maliro. Misozi, mamina, thukuta, miyendo kufooka, mutu kuwawa. Apongozi anali nazo zonse, koma ndi mayi uti woika mwana wake amene sakhala nazo? Ndinatsegula pakamwa kangapo. Nthawi iliyonse ndinkaona malaya oyera a amayi a mpingo atazungulira bokosi, ndinkamva mawu a amalume pakhonde akulandira alendo, n'kutsekanso.

Chakudya chinabwera, sindinadye. Apongozi anatapa kamodzi ndi dzanja lomwelo logwira jekete. Ndinayang'ana kumbali.

Masana anati nthawi yoona nkhope yakwana, pambuyo pake thupi lituluke. Apa m'pamene ndinazindikira chimene chinkabwera. Makanda sapita kumanda. Tiya akanatsala ndi alamu anga, amene anali oyembekezera ndipo nawonso samayenera kupita. Apongozi sakanayenda panjira atanyamula jekete pamaso pa khamu, akanaisiya m'nyumba. Mphepo inali ikuzizirabe. Mwana akangolira, ndinadziwa chimene akanamufunditsa.

Anthu ali pamzere kuzungulira bokosi, ndinasendera kwa apongozi mpaka maondo athu anagundana.

"Amayi, jeketeyo apite nayo. Ankaikonda."

Anaikumbatira kwambiri.

"Amayi, ndapota nanu. Jekete imeneyo ili ndi..."

Anandigwira pamkono, zala zawo zili zonyowa, zikunjenjemera. Anadzutsa nkhope. Maso anali ofiira, milomo yonyowa.

"Ndikudziwa," ananong'ona. "Fodya ndayamba kulima inu musanabadwe. Mumati ndiisiye m'jumbo, akulu a mpingo agwade pafupi, ainunkhize? Khalani chete, amake Tiya. A mpingo aimbe kaye."

Ndiye kuti nthawi yonse ija, mayi uja ankabisa fungo ndi thupi lake. Ine ndinkayesa ndili ndekha.

Omaliza ataona nkhope, adzukulu anabwera ndi chivundikiro. Apongozi anadzuka mogwira khoma, anafunyulula jekete, n'kuiyala okha pachifuwa pa mwana wawo. Alamu anga anafuna kuyankhula, koma atawaona mayi awo anameza mawu. Mdzukulu wina, poti iwo pamaliro saletsedwa nthabwala, anati:

"Agogo, kumene akupitaku kulibe mphepo. Bwanji osandipatsa ine?"

Anawerama kuti akonze kolala, ndipo ndinaona mphuno yake ikukwinyika. Anayang'ana mnzake. Nthawi yomweyo apongozi anayambitsa nyimbo ndi mawu osasa, amayi a mpingo anailandira, nyumba yonse inadzaza. Mdzukulu uja anatseka bokosi, anakhoma misomali, osanenanso kanthu.

Ndinamupereka Tiya kwa alamu anga nditamukulunga m'chitenje changa. Panja kuwala kunandithobwa m'maso. Anthu anali atadzaza bwalo mpaka kuchigafa cha fodya. Amalume anaima n'kunena mbiri ya malemu: kubadwa kwake, ukwati wake, ulimi wake, ndipo pamapeto anati anadwala mwadzidzidzi mutu ndi m'mimba, achipatala anayesetsa koma zinakanika. Anthu anapukusa mitu. Pagulupo panali amuna ambiri amene m'mawa mwake akanapita ku nazale zawo ndi timabotolo tomweto m'matumba, opanda magolovesi, opanda chotseka pamphuno. Ndinawayang'ana, ndinaweramitsanso mutu. Abusa analalikira, ulaliki wake sindikuukumbukira.

Tinauyamba ulendo wa kumanda, bokosi patsogolo, amayi a zoyera m'mizere iwiri, nyimbo ikusinthana ndi nyimbo. Fumbi linkatilowa m'kamwa. Amayi awiri anandigwira m'mikono. Apongozi anali patsogolo panga, ndipo kawiri konse maondo awo anapinda. Owagwira ankati, "Limbani mtima mayi, limbani." Ine ndinkaona msana wa bulauzi yawo utanyoweratu pa tsiku lozizira.

Kumanda kunali bata la mitengo, mphepo ikungomveka kunsonga. Bokosi linatsika. Dothi loyamba litagunda chivundikiro, china chake chinamasuka m'chifuwa mwanga, ndipo ndinalira koyamba kulirira iyeyo. Ndinalira kuseka kwake kuja koti ziuma zokha. Anandiika nkhata m'manja, ndinaiika pamtumbira, anandidzutsa. Mpingo unaimba mpaka khasu lomaliza.

Titabwerera, anthu anasamba m'manja pakhomo n'kuyamba kubalalika. Ndinathamangira Tiya. Anali akusewera ndi supuni, akumenya mphasa. Ndinamutulutsira pakhonde, ndinamutchinga kumaso ndi dzanja kenako n'kuchotsa. Kamwana ka m'diso kanakula mumthunzi, kanachepa pakuwala, monga mwa masiku onse. Anandikoka mphuno. Ndinakhala pansi pomwepo.

Kuseri kwa nyumba kunamveka munthu akusanza.

Anali apongozi, atagwada pafupi ndi bafa. Sindinafunsenso za mwambo. Ndinapempha alamu anga madzi ndi sopo, ndinawavula bulauzi ndi chitenje, ndinawasambitsa pachifuwa, m'khosi, kumaso, m'manja mpaka m'zikhadabo. Zovala zawo ndinazimanga pazokha, ndinaziponya padenga la bafa pamene mwana sangafike. Kenako ndinapita kwa amalume, amene anali pampando akutsanzikana ndi alendo omaliza. Ndinagwada.

"Amalume, amayi apite kuchipatala. Lero lomwe, osati mawa."

"Ndi chisoni chabe chimenecho, amake Tiya. Agone, kucha adzuka."

"Ngati mwana wawo?"

Amalume anadzuka pampando. Kenako anatuma munthu kukaitana wa njinga yamoto.

Ine sindikanapita nawo. Namfedwa sachoka pakhomo mpaka atameta, ndipo pa ichi amalume sanagonje. Anasankha mchemwali wawo wa apongozi kuti awagwirizize kumbuyo. Ndinamugwira mayiyo dzanja, ndinati akafika akanene kuti ndi mankhwala a nazale, alowera pakhungu, achipatala akadziwa jekeseni yake. Mayiyo anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana pansi.

Apongozi anali atakwera kale, atavala chitenje cha alamu anga, mutu atautsamiritsa pamsana pa woyendetsa. Anatembenuka pang'ono.

"Musavutike, amake Tiya. Ndikanena ndekha. Aimba kale."

Njinga inalira, inatsika kudambo, mawu ake n'kuzimirira. Dzuwa linali litalowa. Pabwalo panatsala mafuwa akuda ndi phulusa, agalu akununkhiza m'mene munatayidwa zotsala. Amayi otsala kugona nane anayala mphasa zawo. Mipando inali isanabwerere m'nyumba, ndipo pakati, pamene panali bokosi, panali poyera. Ndinatsegula mazenera onse ngakhale kunkazizira. Ndinasamba m'manja ndi pachifuwa kawiri, kenako ndinamupatsa Tiya bere. Anayamwa, anagona, ine ndinakhala tsonga kumvetsera kupuma kwake, khutu lina lili kumsewu.