Ndodo ya a Fabiano Idakali pa Tchuthi

Mukadzafika pa esiteti yathu ino ya tiyi, mukadzaona bambo wa mapewa ngati chitseko cha fakitale atakhala pachitsa m'mphepete mwa nkhalango ya bulugamu, ndodo itagona pamiyendo ngati mwana wodwala, dziwani kuti mwaona a Fabiano Namakhwa. Apatseni moni, sakuchitani kanthu. Ndikanakuuzani zimenezi zaka zapitazo, mukanati ndikukufunirani maliro.

A Fabiano ndi mlonda. Anabadwira m'malayini momwe muno, m'nyumba za antchito, mayi awo akuthyola tiyi, bambo awo akuyendetsa thirakitala. Sukulu anaisiyira panjira atazindikira kuti kumeneko womenya ndi mphunzitsi yekha. Kuthyola tiyi anayesako, koma dengu lawo linkafika pa sikelo lopepuka ngati chisa cha mpheta. Mphatso Mulungu anawapatsa imodzi, dzanja. Akampani ataona thupi lija anawaveka yunifolomu ndi jombo, n'kuwapatsa ndodo kuti azilondera mitengo. Iwo anamva ngati awapatsa dziko lonse, kuyambira pa geti mpaka ku Masambanjati.

Ndodo ija inayenda. Inayenda pamisana ya amayi otola nkhuni, pamiyendo ya odutsa njira yachidule, ndipo madzulo inkaweruka nawo limodzi kukapitiriza ntchito kunyumba, kwa akazi awo a Eunice. A Yesaya, telala wathu wamfupi uja wa pa golosale, khutu lawo lakumanzere linasiya kumva chifukwa choseka pa nthawi yolakwika.

Malamulonso ankatiphunzitsa okha, pa bawo. Mboni, ankatero, ndi munthu amene ankayang'ana kumbali pamene zinthu zinkachitika. Wodandaula ndi munthu amene watopa ndi mano ake. Phunziro limeneli tinaligwira bwino, tonse tinakhoza.

Amene analephera anali a Vailet, mayi wamasiye wothyola tiyi, wochepa thupi, wosayankhulayankhula. Tsiku lina kutawomba chimphepo anapita kukatola tinthambi togwa tokha. A Fabiano anawapeza, ndodo inatera pamkono, fupa linathyoka. Tsono wothyola tiyi amadyera mkono. A Vailet atachoka kuchipatala ndi chikhakha chawo sanabwerere kunyumba, analunjika kupolisi, mchemwali wawo ali pambuyo kukachitira umboni.

Apolisi atabwera kudzawatenga, a Fabiano anauza anthu kuti aitanidwa kukathandiza boma pa kafukufuku. Anathandizadi, ali m'chitokosi. Atatuluka pa belo anati abwana aona kuti munthu wofunika ngati iwo sangagone pasimenti. Chonsecho belo ndi kukulola kuti uzidikirira mlandu uli kwanu, utalonjeza kuti uzibwera tsiku lililonse lomwe akufuna, wina atakuimira kuti suthawa. Mlandu umakhala uli chilili, ngati mbuzi yomangirira.

Tsiku lachigamulo anayamba kufika kuno kuchokera kukhoti ndi iwo, pa kabaza wa njinga yamoto, akukweza manja ngati phungu. Anati mlandu watha, awina, woweruza wangotsala pang'ono kuwapepesa. Anagulira anthu mowa. Ife mitima inagwa, tinamwa mowawo tikulira chamumtima.

A Vailet anafika mochedwa, pa matola. Nkhani yawo tinaimva m'mawa pamjigo, ndipo zigubu zinasefukira osazizindikira.

Akuti chimphona chathu chitangoima m'kabokosi ka woimbidwa mlandu, ukali wonse unathera pomwepo. Mlandu wovulaza munthu anauvomera akhoti asanamalize n'kuuwerenga komwe. Ndiye pali nthawi ija woweruza akakupeza wolakwa amakupatsa mpata wonena zifukwa zoti akuchepetsere chilango. Ena amati aka n'koyamba, ena amati ali ndi banja. A Fabiano anagwada. Anatchula nthenda ya shuga, ya msana, ya chifuwa. Anawerenga ana awo onse, kuphatikizapo awiri aja a ku Thekerani omwe akhala akuwakana chibadwire. Anamaliza n'kunena kuti ndi mwana wamasiye, munthu wa imvi m'ndevu. Woweruza atatchula za ndende, mkulu uja anafuula kuitana mayi ake. Womasulira atanena kuti koma lero sapita kundendeko, anayamba kuthokoza mokweza, kudalitsa khoti, mipando ndi mbendera yomwe, moti mawu onse otsatira anawadutsa pamwamba.

Mawu otsatirawo a Vailet anawamva onse. Chilango chinaimikidwa. Sikuti anawapeza osalakwa ayi, amene wapezeka wosalakwa amachoka alibe banga. Sikutinso mlandu unathetsedwa. Ndende yawo ilipo, yathunthu, angoipachika kudenga ngati mkoko wa nthochi. Akangovulazanso munthu nthawi imene khoti linaika isanathe, mkoko uja uwagwera pamutu, n'kuwonjezerapo chilango cha mlandu watsopanowo.

A Vailet sanatume munthu. Anapita okha kunkhalango masanasana, anthu akuona, n'kuyamba kutola tinthambi ndi dzanja lotsalalo. A Fabiano anadzuka pachitsa, ndodo m'mwamba.

"Menyani, achimwene," anatero a Vailet, osatembenuka n'komwe. "Mkono wina ndi uwu. Koma mukatero mukatsanzike kunyumba, bulangete mutengeretu."

"Mlandu uja unatha, mayi inu."

"Unatha? Inu munali pansi mukulira, ine ndinali pa benchi ndikumvetsera. Kafunseni."

"Ndiye anati mpaka liti?"

"Mwawina mlandu inu, mukufunsiranji?"

Ndodo inatsika pang'onopang'ono, ngati ikupepesa.

Kufunsa sakanatha. Akafunse bwanji munthu amene anagulira mudzi wonse mowa wachipambano? Komanso khoti analiopa kuposa manda. Mpaka lero akamapita kuboma amatsikira patali, n'kuzungulira kuseri kwa msika kuti asaone ngakhale denga lake.

Akampani, pa zifukwa zomwe akuzidziwa okha, sanawachotse ntchito. Ndiye tinakhala ndi mlonda wa mtundu watsopano. Amayi ankawapatsa moni mwaulemu kwambiri, kugwada ndithu, n'kuwafunsa za shuga uja, za msana uja, ndi ana a ku Thekerani ngati akukula bwino. Ena ankawapempha kuti awasenzetse mtolo. A Eunice ananenepa. Analowa kwaya, anayamba geni ya mapeyala pamsewu, ndipo tsiku lina anamveka akuuza amuna awo kuti madzi osamba ali kumjigo, chidebe chili apo.

Mayeso aakulu anabwera Loweruka lina la malipiro, dzuwa likupendeka, pa bawo patadzaza anthu. A Fabiano anali atalawa pang'ono, ndiye lilime lakale linadzuka. Anayamba kunena kuti nthawi ikubwera, aliyense amene wawaseka akumudziwa, ndipo ayambira telala. A Yesaya anafunsa kuti ati chiyani, poti khutu lija silimva. A Fabiano anawerama kuti abwereze. A Yesaya anakwera pa benchi, chifukwa popanda benchi sakanafikira, n'kuwapatsa khofi limodzi lomveka mpaka ku fakitale.

Sindikuyamikira zimenezi. Kumenya munthu ndi mlandu, ngakhale womenyedwayo akhale Fabiano. Ndikungonena kuti linali khofi losokedwa bwino.

A Fabiano anaimirira, maso ali psu, ndodo ili m'mwamba, a Yesaya ali pansi pake ngati nkhuku yoona kabawi. Apo m'pamene ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo chibadwire m'malayini muno. Palibe anayang'ana kumbali. Anthu anasendera pafupi. Mafoni anatuluka m'matumba. Gogo wina wa ng'ala anapempha kuti amuike kutsogolo aone bwino. A Vailet anali chapatali, dengu kumsana, akungoyang'ana.

Mkono unaima m'mwambamo kwa kanthawi. Kenako ndodo inapita kukhwapa.

"Ndikakusumira," anatero a Fabiano, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Malamulo alipo m'dziko muno."

Anapitadi kupolisi, kukakhala wodandaula, mano onse ali m'kamwa. Wapolisi anabwera mawa lake kudzafufuza, n'kufunsa amene anaona. A Fabiano analoza anthu mmodzimmodzi, ndi mayina awo. Woyamba anati ankawerenga nkhomo za bawo. Wachiwiri anati kanalowa kachitsotso m'diso. Mafoni onse, mwatsoka, anali atatha moto. Ine anandifunsanso, ndipo ndinanena zoona zokhazokha, kuti zinthu zambiri pa moyo wanga zandidutsa ndikuyang'ana kumbali, chifukwa ndi mmene ndinaphunzitsidwira. Wapolisi anayang'ana kutalika kwa a Fabiano, anayang'ana kwa a Yesaya, anafunsa kuti khofilo linafika bwanji kumeneko. Za benchi palibe anakumbuka. Anakwera njinga yake n'kumapita, mapewa akugwedezeka.

Kundende a Fabiano sanapite, ndipo pamenepo tiwapatse ulemu wawo: mantha anawalera bwino kuposa mmene anawalerera makolo. Chomwe chatsala n'chakuti nthawi imene khoti linaika ija inatha kalekale. Tiyi tadulira, waphukanso, taduliranso. Nkhaniyi ndikuidziwa ine, akuidziwa a Eunice, akuidziwa m'busa, ngakhale ana a sukulu ya mkaka. Sipanakhale msonkhano wogwirizana kuti tibise. Kungoti aliyense akafuna kuwauza, amapezeka kuti watanganidwa.

Nthawi zina mkulu uja amayesa mwanzeru. Amadikira a Vailet akamafika ku sikelo, n'kuyamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako n'kufunsa chapansipansi ngati zija, zijazi, zatsala pang'ono.

A Vailet amasisita mkono wawo, umene mpaka pano umawawa kukazizira, n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerengera.

"Zikadalipo, achimwene. Limbani mtima."

Ndiye a Fabiano amawatula dengu, chifukwa masiku ano amathandizanso kutula.

Inuyo mukadzawapeza pachitsa paja, mudzacheze nawo za mpira. Zoti angawerenge zimenezi musade nazo nkhawa: nyuzipepala sawerenga, amati imawapweteka maso.